Ma CD a makwaya athu akuonongeka: mmene tingapulumutsire nyimbo zake

Mwezi wathawu tinali pa maliro a mkulu wina amene anatsogolera kwaya ya pa mpingo wao ku Sinda kwa zaka zambiri. Anamfedwa anapempha kuti pa nthawi yoona nkhope pamveke nyimbo imene malemuwo anapeka okha ndi kujambula pamodzi ndi kwaya yao. CD inapezeka m'kabati ya ku chalichi. Nyimbo yoyamba inalira bwino, yaciwiri cimodzimodzi. Itafika yacitatu, yofunikayo, inayamba kudumphadumpha, kenaka zii. Maliro atatha tinafunsa ku situdiyo ya m'tauni kumene anajambulira, ndipo anatiyankha kuti kompyuta imene munali nyimbozo inafa kalekale.

Sitikhulupirira kuti vutoli ndi la mpingo umodzi cabe. Makwaya ambiri m'maboma a Katete, Sinda ndi Vubwi, a acinyamata ndi a amai omwe, anasonkha ndalama, ena anagwira ganyu yopalira m'minda ya thonje, kuti akwere basi kupita ku Chipata kapena ku Lusaka kukajambula cimbale. Cimene anabwera naco ndi ma CD. Lero mawailesi ambiri a masiku ano amalandira fulashi ndi memori khadi, malaputopu atsopano alibe poika CD, ndipo zimbalezo zangokhala m'makabati, kumaonongeka mwakacetecete.

Cifukwa cake zimaonongeka

CD inayamba kugulitsidwa m'caka ca 1982, yopangidwa ndi makampani a Philips ndi Sony. Ma CD a kufakitale amadindidwa ndi makina, ndipo akasungidwa bwino amakhala zaka zambiri. Koma ambiri a makwaya athu si otero. Ndi aja ochedwa CD-R, amene munthu amagula opanda kanthu n'kuwochera nyimbo pa kompyuta. M'kati mwake muli utoto wopyapyala umene kuwala kwa leza kumasintha polemba. Utotowo umaopa dzuwa, kutentha ndi cinyontho. CD yosiyidwa pa windo kapena m'galimoto m'mwezi wa Okutobala ingaoneke yabwinobwino m'maso, koma makina n'kumalephera kuiwerenga.

Cina cimene ambiri sitidziwa: mbali yoopsa kukandika ndi ya pamwamba, yolembapo dzina ija. Mbali yowala ya pansi ili ndi pulasitiki yokhuthala, ndipo kukandika kwake nthawi zina makina amakupirira. Pamwamba pali kansalu kopyapyala kwambiri kocinjiriza pamene pali nyimbo. Mukalemba ndi bolopeni mokanikiza, kapena pepala lomata likamatuka, nyimbo ya pamenepo yapita.

"Tinaika kale pa foni"

Ena adzati nyimbo zao zili kale pa foni, zinatumizidwa pa WhatsApp, nanga vuto n'ciani? Apa tikhalitsepo pang'ono, cifukwa ndipo pagona nkhani.

Pa CD, mau amayezedwa ka 44,100 pa sekondi iliyonse, kumanja ndi kumanzere, ndipo muyezo uliwonse umalembedwa ndi mabiti 16. Zonse pamodzi zimakwana makilobiti 1,411 pa sekondi, kapena mamegabaiti oposa pang'ono 10 pa mphindi imodzi. Fayilo ya MP3 imene timagawana kawirikawiri imakhala ya makilobiti 128 pa sekondi, pafupifupi megabaiti imodzi pa mphindi. Kuti icepe cotero, pulogalamu imataya mbali zina za mau zimene ikuganiza kuti khutu silizimva kwenikweni. Zotayidwazo sizibwerera. Zili ngati kukonola cimanga: ufa woyera ukoma ndithu, koma gaga wacoka, ndipo simungaubweze m'njere. Wina akatenga MP3 ija n'kuisinthanso, kapena akaijambula ndi foni pafupi ndi sipika, amakonolanso zokonola kale. Ndiye cifukwa cake nyimbo zina za makwaya zimene zimazungulira pa mafoni zimamveka ngati akuimbira m'cigubu, besi yosamveka, mau a amai akuswekasweka.

Pali mtundu wina wa fayilo wochedwa FLAC, umene umacepetsa kukula popanda kutaya kanthu. Anaupanga Josh Coalson, ndipo unatuluka mokwanira m'caka ca 2001. Lero uli m'manja mwa bungwe la Xiph.Org, ndi waulere, ndipo malamulo a kapangidwe kake ndi osindikizidwa poyera, motero suli pa cifundo ca kampani imodzi imene ingatseke mawa. FLAC ili ngati kupinda citenje n'kuika m'sutukesi: malo acepa, koma mukacifunyulula ndi citenje comweco. Kawirikawiri fayilo imatsika kufika pa theka kapena kupitirirapo pang'ono. CD ya ola limodzi imatenga mamegabaiti pafupifupi 400, kutanthauza kuti ma CD 100 angakwane pa fulashi ya magigabaiti 64, malo n'kutsalako.

Sitikunena kuti MP3 ndi yoipa. Ndi yabwino pogawana ndi kumvera pa foni. Koma mbeu yosunga m'nkhokwe ikhale FLAC, ndipo ma MP3 azicokera pamenepo.

Zida zake

Pafunika kompyuta, ngakhale yakale, ndi draivu ya CD. Ngati laputopu ilibe, pali madraivu olumikiza pa USB. Ife timagwiritsa nchito laputopu yakale ya mu ofesi imene munaikidwa Ubuntu, mtundu wa Linux waulere, ndipo mapulogalamu ake timawalamula polemba mau pa windo lakuda lija lochedwa Terminal. Poyamba windolo limaopsa, ifenso tinaliopa, popeza ku sukulu ya zaumulungu sanatiphunzitse zimenezi. Koma malamulo ofunika ndi asanu kapena asanu ndi limodzi, okwana pa kapepala kamodzi komata pa khoma. Ubwino wake ndi wakuti sasintha. Mlembi wa ku Vubwi ndi wa ku Katete akalemba mau omwewo, nchito ituluka yofanana, ndipo intaneti imafunika tsiku loika mapulogalamu lokha:

sudo apt install cdparanoia flac ffmpeg

Amene ali ndi Windows asadandaule, pali pulogalamu yochedwa Exact Audio Copy imene imagwira nchito yomweyi ndi mabatani. Zimene tikufotokoza pano za cisamaliro zikhudza onse.

Mwina mungafunse kuti bwanji osangokopera nyimbo monga timakopera kalata. Yankho ndi lakuti CD ya nyimbo inapangidwira kulira, osati kukoperedwa. Makina akakumana ndi pokandika, saima kuti akuuzeni. Amangoganizira mau amene asowa n'kupitirira, kuti womvera asazindikire. Pomvera zimenezi n'zabwino, koma posunga n'zoipa, cifukwa mungasunge zolakwika muli osadziwa. Pulogalamu ya cdparanoia, imene analemba Christopher Montgomery wa ku Xiph.Org komweko, imawerenga malo amodzi mobwerezabwereza ndi kuyerekeza zimene yapeza, mpaka itakhutira. Ikalephera, imakuuzani.

Kagwiridwe kake

Yambani mwapukuta CD ndi kansalu kofewa, kucokera pakati kupita kumphepete, osati mozungulira. Nyimbo zinalembedwa mozungulira, ndiye kukandika kotsata mzere womwewo kumaononga kwambiri. Ikani m'draivu, pangani foda ya cimbale cimeneco, lowani m'fodamo, ndipo lembani:

cdparanoia -Q

Lamuloli limaonetsa cabe kuti pa CD pali nyimbo zingati ndi kutalika kwa iliyonse. Yerekezani ndi pepala la pa cikuto. Zikagwirizana, lembani:

cdparanoia -B

Nyimbo iliyonse idzatuluka payokha monga fayilo ya WAV, maina ake track01.cdda.wav, track02.cdda.wav, mpaka kumapeto. Pamene ikugwira nchito, yang'anani mzere umene ukuyenda. Ukakhala wopanda zizindikiro, zonse zili bwino. Cizindikiro ca - kapena + cisonyeza kuti panali kovuta ndipo pulogalamu inalimbana napo. Coopsa ndi cilembo ca V, cimene citanthauza kuti pamenepo yalephera kukonza ndipo yadumpha. Mukaona V, lembani m'buku nambala ya nyimboyo, pukutaninso, yesaninso nyimbo yokhayo, mwacitsanzo yacitatu:

cdparanoia 3 nyimbo3.wav

CD yabwino imatha m'mphindi zocepa. Yokandika ingadye ola lathunthu pa nyimbo imodzi, draivu ikulira ngati cigayo. Musaifulumize. Koma onani kuti batire ya laputopu ndi yodzaza musanayambe, cifukwa magetsi akathima pakati muyambiranso nyimboyo. Draivu ina imawerenga CD imene inzake yakana, motero musataye mtima musanayese pa kompyuta yaciwiri.

Anthu a kunja ali ndi njira yoyerekeza zimene akopera ndi za anzao pa intaneti, yochedwa AccurateRip. Kwa ife siithandiza kwenikweni, popeza cimbale ca kwaya ya kumudzi sicipezekamo. Cimene timacita pa nyimbo yokayikitsa ndi kuikopera kawiri pa draivu imodzimodziyo, n'kulemba cmp ndi maina a mafayilo awiriwo. Pulogalamu ikakhala cete, ndiye kuti afanana ndendende. Mboni ziwiri zagwirizana.

Tsopano sinthani kukhala FLAC:

flac --best -V *.wav

Cilembo ca V apa ndi cina, cikuuza pulogalamu kuti izitsimikiza pomwepo kuti zimene yapinda zikufanana ndi zoyambirira. M'fayilo iliyonse ya FLAC mumasungidwanso cidindo ca masamu ca mau ake. Motero ngakhale patapita zaka, mukalemba flac -t *.flac, pulogalamu idzakuuzani ngati fayilo ili yonse kapena yaola. MP3 ilibe mboni yotere.

Ya pa foni ndi ya pa WhatsApp muipange kucokera ku FLAC:

ffmpeg -i track03.cdda.flac -b:a 128k nyimbo3.mp3

Pali pulogalamu inanso yochedwa abcde imene imacita zonsezi pa lamulo limodzi ndi kufufuza maina a nyimbo pa intaneti. Ndi yothandiza pa ma CD ochuka, koma pa athu mainawo mudzalembabe nokha.

Maina a oimba

Mbali iyi ndiyo imatenga nthawi, ndipo ife tiona kuti ndiyo yoposa zonse. Fayilo yochedwa track03 siuza mdzukulu kanthu. Pulogalamu ya metaflac, imene imabwera pamodzi ndi flac, imalemba dzina m'kati mwa fayilo:

metaflac --set-tag="TITLE=dzina la nyimbo" track03.cdda.flac

Citani cimodzimodzi ndi ARTIST pa dzina la kwaya, ALBUM pa dzina la cimbale, DATE pa caka, ndi COMPOSER pa wopeka. Jambulani cikuto ndi foni, kutsogolo ndi kumbuyo, muike zithunzizo m'foda yomweyo. Ndipo khalani pansi ndi mmodzi wa oimba akale, alembetse amene anatsogolera nyimbo iliyonse, amene anaimba besi, amene anali pa kiyibodi, ndi kumene anajambulira. Kompyuta singakuuzeni zimenezi. Nyimbo zimene Hugh Tracey anajambula m'maiko athu ano m'zaka za m'ma 1950 zikumvekabe lero ku International Library of African Music, imene anayambitsa mu 1954 ndipo tsopano ili pa Rhodes University ku South Africa. Zinapulumuka cifukwa anazisamutsa kucoka pa matepi kupita pa zida zatsopano, komanso cifukwa analemba maina ndi malo.

Za kusunga sitinena zambiri. Fulashi imodzi si nkhokwe, imatayika ndipo imafa mosacenjeza. Pakhale makope atatu: pa kompyuta ya mu ofesi, pa hadi draivu kapena fulashi yosungidwa pa nyumba ina, ndi lacitatu ku boma lina, kuti moto kapena mbala zisathe zonse usiku umodzi. Kamodzi pa caka yesani onse ndi flac -t. CD yeniyeni musaitaye, ibwezeni m'cikuto cake, ikhale coimirira pa malo ozizira, opanda dzuwa.

Pali cenjezo limodzi. Ku Zambia kuli lamulo la Copyright and Performance Rights Act, ndipo bungwe la ZAMCOPS limayang'anira ufulu wa opeka nyimbo. Zimene talemba pano ndi zopulumutsira nyimbo za makwaya athu, ndi cilolezo ca eni ake. Si njira yokopera zimbale za oimba ena n'kumagulitsa pa fulashi pa msika. Ngakhale nyimbo za kwaya yathu yomwe, tisanaziike pa YouTube kapena kuzipereka ku wailesi monga Breeze FM, tiyambe tafunsa kwaya ndi wopeka, kapena banja lake ngati anatisiya.

CD ya ku Sinda ija tinaitenga kupita nayo ku ofesi. Pa nyimbo 12, zinatuluka bwino 11. Yacitatu inakana pa madraivu onse awiri, cilembo ca V cili mbwee. Titalengeza, mai wina amene anaimba m'kwayayo asanakwatiwe ku Vubwi anatumiza CD yake, imene inali pansi pa sutukesi, yokulungidwa m'citambala. Pa yao nyimbo yacisanu ndi yacisanu n'cimodzi zinali zitafa, koma yacitatu inatuluka yonse, ndipo sabata yatha tinakapereka kwa anamfedwa pa memori khadi. Alembi a mipingo amene ali ndi ma CD a makwaya asonkhanitse onse, ngakhale makope awiri kapena atatu a cimbale cimodzi, alembe dzina la mwini pa cikuto osati pa CD, ndipo atidziwitse kuti tipangane tsiku lobwera ndi laputopu.