NICKEL, NKHOSWE YA MAFUTA NDI MPWEYA

M'chaka cha 1897, mu mzinda wa Toulouse ku France, akatswiri aŵiri a sayansi, a Paul Sabatier ndi a Jean-Baptiste Senderens, anadutsitsa mpweya wa ethylene pamodzi ndi wa haidrojeni pa ufa wotentha wa chitsulo chotchedwa nickel. Mipweya iŵiriyi, imene payokha imangokhalira limodzi osagwirana, inalumikizana n'kusanduka mpweya wina wotchedwa ethane. Chodabwitsa chinali chakuti chitsulocho chinatsala monga mmene chinalili.

Ntchito ya nickel ikufanana ndi ya nkhoswe, imene imamanga ukwati koma siloŵa m'banjamo. Molekyu ya haidrojeni ili ndi maatomu aŵiri ogwirana kolimba. Ikatera pa chitsulo, aŵiriŵa amalekana. Nayonso molekyu ya ethylene, imene maatomu ake aŵiri a kaboni ngomangana ndi zingwe ziŵiri, imamatirira pomwepo. Chingwe chimodzi chimamasuka, ndipo maatomu a haidrojeni aja amadzagwira kaboni, loyamba kenaka lachiŵiri. Ikatha ntchitoyo, molekyu yatsopano imanyamuka kusiyira zinzake malo. Popeza zonsezi zimachitikira pamwamba pokha, chitsulo chimayenera kukhala cha ufa wosalala kuti malo oterapo achuluke. Ndondomekoyi anaifotokoza ndi a Juro Horiuti ndi a Michael Polanyi mu 1934.

Nzeruyi sinathere m'chipinda choyeseramo zinthu. Mu 1901, a Wilhelm Normann a ku Germany anaonetsa kuti mafuta amadzimadzi amalimba akalandira haidrojeni mothandizidwa ndi nickel. Motero mafuta otsika mtengo, monga a nthanga za thonje, anayamba kupangidwa majarini ndi sopo. A Sabatier analandira mphoto ya Nobel mu 1912.

Komatu akulu akale anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mafuta akalimbitsidwa mosamaliza, mamolekyu ena amachoka pa chitsulo asanalandire haidrojeni wokwanira, koma atasintha kale kapindikidwe kawo. Mafuta otere, otchedwa trans, anadzapezeka kuti amawonjezera ngozi ya matenda a mtima, ndipo mu 2018 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linapempha maiko kuti aŵachotse m'zakudya.

Nkhoswe imene inapatsa anthu osauka chopaka pa buledi ndi yomweyo inabisa nthenda m'chakudyacho, ndipo panapita zaka makumimakumi madokotala asanatsimikize zimenezi.