Matenda Ofotetsa Mbeu: Dzina Limodzi, Mafuko Anayi

Mai wina wa m'tsinde mwa phiri la Tumbine, ku Milange, anabzala matimati m'dimba lake m'chilimwe. Ankathirira m'maŵa ndi madzulo. Matimati anayamba kubereka bwino. Tsiku lina masana anapeza matsinde atatu atazyolika, koma masamba ake ali obiriŵira ndithu. Kutacha anadzuka. Dzuŵa litatentha anafotanso. Patapita masabata aŵiri, theka la dimba linali litauma.

Maiyo anaitana alangizi a zaulimi.

"Alangizi, kodi matimati angaŵa alodzedwa? Madzi ndikuthirira, manyowa ndinathira. Nanga n'chiyani?"

"Iyayi mai, si ufiti umenewu. Tandipatsani mpeni ndi tambula yoonekera m'kati. Muthiremo madzi oyera."

Alangiziwo anadula tsinde limodzi chapafupi ndi dothi. M'kati mwake munali mofiirira. Anaviika nsonga yodulidwayo m'madzi, naigwira chete osagwedeza. Patapita mphindi zochepa, kaulusi koyera ngati mkaka kanayamba kutsika kuchokera m'tsindemo.

"Mwaona mai? Mdani wanu ndi ameneyu."

Kodi mdaniyu ndani?

Kaulusi koyerako ndi tizilombo tambirimbiri totchedwa mabakiteriya. N'tating'ono kwambiri. Titandandalika pafupifupi 500 pamzere umodzi, tingangokwana milimita imodzi. Tizilomboti timakhala m'dothi ndi m'madzi. Timaloŵa m'mizu kudzera pa mabala. Mabalawo amabwera ndi khasu, amabwera pookera mbande, amabweranso ndi tinyongolotsi tam'dothi timene timatupitsa mizu.

Tikaloŵa, timaswana m'mitsempha imene imakweza madzi kupita kumasamba. Timatulutsa zonanda zimene zimatseka mitsemphayo. Ndiye chifukwa chake mbeu imafa ndi ludzu ngakhale mizu yake ili m'dothi lonyowa.

Matendaŵa sagwira matimati okha. Amagwira mbatatesi, fodya, tsabola, mabiringano ndi mtedza. Pa dziko lonse amagwira mitundu ya zomera yoposa 200. Katswiri wa ku Amereka, Erwin F. Smith, anafotokoza za tizilomboti mu 1896. Lero akatswiri amatitcha Ralstonia.

Tizilomboti tili ndi mafuko

Kwathu kuno kuli a Phiri, a Banda ndi a Mwale. Onse ndi anthu, koma mafuko ndi osiyana. Tizilomboti tilinso chimodzimodzi. Ndi maso sungatisiyanitse. Akatswiri amatisiyanitsa poŵerenga DNA, chinthu cha m'thupi chimene chimasunga chibadwa cha chamoyo chilichonse.

Mu 2005 akatswiri aŵiri, Mark Fegan ndi Philippe Prior, anatigaŵa m'mafuko anayi. Fuko lililonse lili ndi kwao kumene linachokera.

Fuko loyamba linachokera ku Asia. Limakonda malo otentha, ndipo limagwira mbeu zamitundumitundu.

Fuko lachiŵiri linachokera ku Amereka. M'fuko limeneli muli banja limene limaoletsa mbatatesi. Banjali kwao ndi ku mapiri a Andes, kumene mbatatesi inachokera, choncho limapirira kumalo ozizira. Muli mabanja enanso amene amafotetsa nthochi.

Fuko lachitatu ndi lathu la mu Afrika muno. Lapezeka ku Zimbabwe, Kenya, Cameroon ndi ku zilumba za Madagascar ndi Réunion.

Fuko lachinayi linachokera ku Indonesia ndi maiko oyandikana nako.

Mu 2014 akatswiri ena anaona kuti mafukoŵa ndi osiyana kwambiri, ndipo anaŵaika m'mitundu itatu yokhala ndi maina akeake. Mu Afrika muno simuli fuko lachitatu lokha. Loyamba ndi lachiŵiri aliponso. Sanabwere okha. Anabwera ndi anthu, m'matumba a mbeu ndi m'mbande.

Nanga mlimi zikumukhudza bwanji?

Choyamba, mbeu yopirira matenda sipirira mafuko onse. Mtundu wa matimati umene waima bwino kwa mnansi wa kutali ukhoza kufota m'dimba mwanu, chifukwa mwa inu muli fuko lina. Mtundu watsopano muyambe mwauyesa pa mizere yochepa. Musagule wodzaza munda wonse chaka choyamba.

Chachiŵiri, kuzizira si chitetezo. Alimi ena amati matendaŵa ndi a kuchigwa kotentha kokha. Ayi. Banja la mbatatesi lija limakhala bwinobwino kumapiri. Kumalo ozizira limatha kubisala m'mbatatesi osaonetsa chizindikiro. Mbatatesi yomweyo ikabzalidwa kotentha, matenda amabuka. Paja akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Chachitatu, munda wodwala kale ukhoza kudwala kuposa apo. Musanene kuti, "M'munda mwanga matenda alimo kale, mbeu iliyonse ndibzala." Mbeu yachilendo ikhoza kubweretsa fuko lachilendo. Mafuko akakumana m'munda umodzi, tizilomboti timatha kupatsana zidutswa za DNA, ndipo mdani amasintha.

Chachinayi, chilala sichithetsa matendaŵa. Dothi likauma kwa nthaŵi yaitali tizilombo timachepa. Koma m'dimba ndi paliponse pothirira mumakhala chinyezi ndi kutentha, zinthu ziŵiri zimene tizilomboti timakonda. Madzi oyenda m'ngalande amatinyamula kuchoka kumtunda kupita kumunsi.

Ife tili pamalire

Milange ndi Muloza n'zoyandikana. Tsiku lililonse anthu amaoloka ndi njinga zodzaza katundu. Mbatatesi zambiri zimalimidwa ku Angónia ndi Tsangano m'chigawo cha Tete, ndiponso ku Dedza ndi Ntcheu ku Malaŵi. Matumba ake amayenda maulendo ataliatali. Malonda ndi abwino, amatipatsa chakudya ndi ndalama. Koma tizilombo sitionetsa chiphaso pachipata. Mbatatesi ya pamsika ndi ya mumphika. Mbeu yobzala iyenera kuchokera m'munda umene mukuudziŵa, kapena kwa ogulitsa mbeu yoyesedwa ndi akatswiri.

Mbatatesi yodwala ili ndi zizindikiro zake. M'maso mwake mumatuluka zonga mafinya, ndipo dothi limamatirira pamenepo. Mukaidula pakati mumaona mzere wofiirira wozungulira. Mukaifinya, mzerewo umatulutsa zoyera.

Zoyenera kuchita

Mankhwala opopera sachiza mbeu imene yafota kale ndi matendaŵa. Musataye ndalama zanu. Chida chathu ndi kupewa.

1. Zulani mbeu yodwala pamodzi ndi dothi la kumizu. Ikani m'thumba kuti dothi lisamwazike. Kaitentheni kapena kuikwirira m'dzenje lakuya, kutali ndi munda ndi mtsinje. Musaiponye pa manyowa.

2. Thirani phulusa kapena laimu m'phando limene mwazulamo.

3. Chitani kasinthasintha wa mbeu. Pamalo odwalapo bzalani chimanga, mapira kapena maŵere kwa zaka zitatu kapena kuposa. Kuchotsa matimati n'kubzala fodya kapena tsabola si kasinthasintha, chifukwa zonsezi n'zapachibale.

4. Zulani mbatatesi zomera zokha, mnadzi ndi nthula. Zomera zimenezi zimasunga tizilombo mpaka chaka china.

5. Yambani ntchito kumbali yopanda matenda, mumalizire kodwala. Mukatha, chotsani dothi kukhasu ndi kumapazi. Mpeni ndi khasu muziŵaule pamoto.

6. Nazale ikhale pamalo atsopano, pamene sipanalimidwepo matimati, fodya kapena mbatatesi. Madzi ochokera m'munda wodwala asafikepo.

7. Bzalani mbatatesi yathunthu. Mpeni wodulira mbeu umasamutsa tizilombo.

8. Kwezani mizere kuti madzi asadikhe. Thirani manyowa oola bwino.

Mai uja anamvera. Kumbali yodwala anabzalako chimanga chachiŵisi. Nazale anaisamutsira kumtunda. Anauzanso anzake a kumunsi kwa ngalande kuti achenjere ndi madziwo. Anachita bwino, pakuti matendaŵa sagonjetsedwa ndi munthu mmodzi. Dimba la kumtunda likadwala, la kumunsi lili pangozi.

Mau oti tiŵerenge ndi kulemba

kufota, tsinde, mitsempha, fuko, nazale, kasinthasintha

Mafunso

1. Chifukwa chiyani mbeu imafota ngakhale dothi lili lonyowa?
2. Fotokozani m'mene tingayesere matendaŵa ndi tambula ya madzi.
3. Tchulani mafuko anayi a tizilomboti ndi kumene anachokera.
4. Chifukwa chiyani mbeu yopirira kwina ikhoza kufota kwanu?
5. Kambiranani m'kalasi: mbeu ya mbatatesi ndi mbande za matimati za m'mudzi mwanu zimachokera kuti?