MANKHWALA A UFA A M'KABOTOLO

Asodzi a mtsinje wa Kafue adziwa bwino kuti nsomba yaiwisi sigona masiku awiri, koma youma ifika kutali. Cimene cibvunditsa cinthu ndico madzi pamodzi ndi kutentha. Opanga mankhwala atsata nzeru yomweyi, koma iwo saumitsa pa moto kapena pa dzuwa ai, pakuti mankhwala ena afa ndi kutentha.

Pali mtundu wa mankhwala ochedwa peptide, opangidwa ndi tizidutswa tolumikizana monga mikanda pa cingwe. Citsanzo cace ndi glucagon, wa tizidutswa 29, amene abaya wodwala nthenda ya shuga akakomoka cifukwa shuga watsika kwambiri. Cingwe cotere sicikhalitsa m'madzi. Cotero ku fakitale aziziritsa mankhwalawo kufikira auma gwa ngati mwala, nacotsa mpweya m'cotengeramo. Pamenepo madzi oumawo acoka ngati nthunzi, osasungunuka, ndipo m'kabotolo mutsala ufa woyera.

Njira yomweyi ithandizanso pa katemera. M'zaka za m'ma 1950 Leslie Collier wa ku Lister Institute, ku England, anakonza nayo katemera wa nthomba wopirira kutentha, ndipo mu 1980 kunalengezedwa kuti nthomba yatha pa dziko lonse lapansi.

Koma ufawo ufuna cisamaliro. Ku Kafue mwezi wa October kutentha kupitirira madigiri 30, pamene mankhwala ambiri otere afuna kukhala m'furiji, pakati pa madigiri 2 ndi 8. Pepala la m'bokosi ndilo linena malo oyenera. Kabotolo kasakhale pa zenera, kapena pafupi ndi mbaula. Magetsi akazima, monga anazimira maola ambiri m'cilala ca 2024, citseko ca furiji cisatsegulidwe kawirikawiri.

Posungunula, namwino asamba m'manja, napukuta citsekerero ndi spiriti, natenga jekeseni watsopano. Athira madzi okhawo amene anadza ndi mankhwalawo. Madzi a pa mpopi, ngakhale owiritsa, saloledwa konse. Azunguza kabotolo mofatsa kufikira ufa wonse wasungunuka. Kuyambira pamenepo nthawi iri yowerengeka. Glucagon abaya nthawi yomweyo, ndipo akaoneka wa matope kapena wa timibulu, amtaya. Katemera wa cikuku akapyola maola 6 atasungunulidwa, amtayanso, cinkana watsala wambiri.

Masiku ano kuli anthu ogulitsa timabotolo ta ufa pa intaneti, nanena kuti tikulitsa minofu kapena ticepetsa thupi. Maso sangathe kuzindikira cimene ciri m'katimo, kapena dzuwa limene katunduyo anakumana nalo pa njira. M'Zambia bungwe la ZAMRA ndilo lipereka cilolezo ca mankhwala. Kabotolo kopanda cilolezo, kopanda tsiku lotha mphamvu, munthu wanzeru sakalola kufika pa thupi lace. Ayambe wafunsa dokotala kapena namwino ku cipatala.