Musanamate pepala, yambani mwaliona khomalo

Mu June 2023, patangotha miyezi itatu chigwereni chimvula cha namondwe wa Freddy, mwana wa mchimwene wanga amene amakhala ku Bangwe anandiimbira foni usiku. "Azakhali, mwanayu akutsokomolabe. Mabotolo awiri a mankhwala atha koma palibe chikusintha. Tabwerani mudzamuone."

Ndinalawira m'mawa mwake. Nyumba yake ndi ya lendi, zipinda ziwiri ndi balaza, koma kulowamo ungati walowa m'hotela. Makoma onse a kuchipinda anali atamatidwa mapepala a maluwa onyezimira, awa achinyamata akungowatchula kuti wallpaper. Kukongola kokha ndiye ayi ndithu, ndinayamikira. Koma mphuno ya namwino sipuma pantchito ngakhale mwini wake atapuma. M'chipindamo munkamveka kafungo konga ka thumba la chimanga logonera pansi ponyowa. Ndinapempha mkamwini kuti asunthe bedi, ine n'kutsina ngodya ya pepala ndi chikhadabo n'kukoka. Anthuni, kuseri kwake kunali bii! Chuku chokhachokha kuchokera pansi mpaka mofika m'chiuno, ndipo mutu wa mwana wa miyezi 14 unkagona pomwepo usiku uliwonse.

Mkamwini anazyolika. "Amayi, penti inkangosendeka ndiye tinati timate kuti madonthowa asamaoneke."

Sindikulemba izi kuti ndinyoze mapepalawa. Ine ndinakulira m'nyumba imene makoma ake tinkamata nyuzipepala ndi makalendala akale, ndipo zilembo zina ndinaziphunzirira pakhoma pomwepo. Mtima wofuna nyumba yooneka bwino ndi wabwino, makamaka kwa inu amene mwangolowa kumene m'banja. Pepala lomatidwa bwino pakhoma louma limakhala zaka zambiri, limapukutika ana akalembapo, ndipo limasintha chipinda tsiku limodzi lokha. Vuto ndi lakuti ambiri akuligula pofuna kubisa khoma lodwala. Kuchipatala sitinkamanga bandeji pachilonda chosatsuka, chifukwa pamwamba pamaoneka poyera pamene mkati mukuola.

Mapepala ambiri amene ali m'masitolo masiku ano ali ndi kapulasitiki pamwamba, amati vinyl. Kapulasitiki kameneka ndi kamene kamachititsa kuti pepala lizipukutika ndi nsalu yonyowa, koma ndi komwekonso kamatsekera chinyontho mkati. Khoma la njerwa limamwa madzi n'kumawatulutsa pang'onopang'ono kukamawomba mphepo. Mukalivindikira, madziwo amasowa kolowera, amakumana ndi guluu, ndipo chuku chimapeza zonse zimene chimafuna: mdima, chinyezi ndi chakudya. Timbewu take n'tating'ono kwambiri, sitioneka ndi maso, timatuluka m'mphepete mwa pepala n'kumauluka m'chipinda. Wamkulu mwina angoyetsemula. Mwana wakhanda, munthu wa mphumu, agogo, kapena amene chitetezo cha m'thupi mwake chatsika, ndi amene amavutika. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linatulutsa malangizo apadera pa nkhani ya chinyontho ndi chuku m'nyumba mu 2009, ndipo linanena poyera kuti zimenezi zimawonjezera chifuwa, kubanika ndi mphumu. Ku Rochdale, m'dziko la England, mwana wa zaka ziwiri anamwalira mu 2020, ndipo mu 2022 bwalo lofufuza za imfa linapeza kuti chinamupha ndi chuku cha m'nyumba ya lendi imene makolo ake ankakhalamo. Tisamaitenge ngati nkhani ya ukhondo chabe.

Tsono khoma mumaliyesa bwanji? Sipafunika makina. Dulani pulasitiki yoonekera mkati, kukula ngati mpango wa m'manja, muimate pakhoma ndi tepi mbali zonse zinayi kuti mpweya usalowe, muisiye masiku awiri. Sankhani pansi, kufupi ndi simenti, komanso khoma limene mvula imaombapo. Mukapeza madontho a madzi kuseri kwa pulasitikiyo, kapena khoma lada pamenepo, dziwani kuti madzi akuchokera m'khomamo. Akakhala kunja kwa pulasitiki, ndiye kuti ndi nthunzi ya m'nyumba momwemo: mpweya wa anthu ogona, zovala zoyanika m'chipinda, madzi osamba, mazenera osatsegula. Kuyesaku kuchiteni m'nyengo ya mvula kapena ya chiperoni. Mu October khoma lililonse limanama kuti ndi louma.

Palinso zizindikiro zimene maso amaona okha. Penti yotukumuka ngati matuza, ufa woyera wonga mchere umene umabwereranso mukaupukuta, mzere wa chikasu woyenda mopingasa m'munsi mwa khoma. Kawirikawiri mzere umenewu umatanthauza kuti pomanga sanaike pulasitiki yakuda ija pamwamba pa maziko, ndiye khoma likuyamwa madzi a m'nthaka monga chingwe cha koloboyi chimayamwira parafini. Nyumba zambiri za lendi m'makwalala athu zinamangidwa choncho, mothamanga. Khoma lotere silifuna pepala ngakhale pang'ono. Likufuna ngalande kunja kuti madzi asamadikhe m'mbali mwa nyumba, khonde la simenti mozungulira, ndi kukonza malata odontha. Zimenezo ndi ntchito ya eni nyumba, ndipo ndi zofunika kukambirana musanapereke lendi yoyamba.

Inu amene mwamanga yanuyanu, musathamange. Pulasitala watsopano amakhala ndi madzi ambiri, mpatseni mwezi wathunthu kapena kuposerapo mazenera ali otsegula. Khoma lopaka laimu nalo siligwira pepala. Guluu amagwira laimuyo, laimu n'kusendeka, pepala n'kugwa usiku anthu muli mtulo. Pamafunika kupala laimu yense, kutseka ming'alu, n'kupaka penti yoyamba ija amisiri amati undercoat. Ngati pakhomapo pali penti yamafuta yakale, musaikweche youma ndi sandipepa ana ali pomwepo, chifukwa penti zina zakale zili ndi mtovu umene umawononga ubongo wa mwana. Nyowetsani, ana ndi mayi woyembekezera atuluke, mukatha mukolope.

Khoma likapezeka louma, pamenepo ndiye tikambe zogula. Mpukutu wa masiku onse umakhala masentimita 53 m'lifupi ndi mamita 10 m'litali. Tiyerekeze kuti khoma lanu ndi la mamita 3 m'lifupi ndi mamita 2.6 kupita m'mwamba. Mufunika zidutswa 6. Chidutswa chilichonse mumachidula motalikirapo pang'ono, titi mamita 2.7, ndiye mumpukutu umodzi mutuluka zidutswa 3 zokha. Khoma limodzilo ladya mipukutu iwiri. Ngati maluwa ake ndi akuluakulu ofunika kukumanitsa, zotaya zimachuluka, choncho onjezani mpukutu wina. Onetsetsani kuti mipukutu yonse ili ndi nambala imodzi pachikuto, ija amalemba batch kapena lot. Mipukutu yosiyana nambala imaoneka yofanana m'sitolo, koma ikakwera pakhoma wina umakhala wotuwirapo, ndipo diso lanu lizikagwera pomwepo tsiku lililonse.

Langizo langa ndi lakuti mumate khoma limodzi lokha, la mkati mwa nyumba, limene siliombedwa ndi mvula ndipo kuseri kwake kulibe bafa. Pabalaza, khoma la kumbuyo kwa mipando kapena kwa TV limakwana. Enawo apakeni penti yamadzi kuti nyumba izipuma. Ndalama zimachepa, ndipo kunena zoona zimakongola kuposa maluwa mbali zonse, amene m'kachipinda kakang'ono amachititsa chizungulire. Chipinda chamdima chimafuna mtundu wowala ndi timaluwa ting'onoting'ono. Mizere yoimirira imachititsa denga lalifupi kuoneka lalitali.

Pa guluu pokha ndiye ndilimbikirepo. Ife kale tinkaphika phala la ufa wa chinangwa n'kumatira nyuzipepala zija, ndipo linkagwira ndithu. Koma ndikukumbukiranso mphemvu zimene zinkatuluka kuseri kwake nyali ikazima. Phala ndi chakudya, mphemvu ndi chiswe zimabwera kudzadya. Gulani guluu wake wa mapepalawa, wa ufa wosungunula m'madzi, ndipo funsani amene ali ndi mankhwala oletsa chuku. Musalole mmisiri kugwiritsa ntchito guluu wa nsapato kapena wa mipando. Fungo lake limapweteka mutu, sachedwa kuyaka, ndipo tsiku lochotsa amachoka ndi pulasitala yemwe.

Pomata, musakhulupirire ngodya ya nyumba kuti ndi yowongoka. Mangirirani kamwala kuchingwe, muchilendewetse kuchokera m'mwamba, mulembe mzere ndi pensulo, chidutswa choyamba chitsate mzerewo. Salazani ndi nsalu youma kuchokera pakati kupita m'mbali kuti mpweya utuluke. Zimitsani magetsi pa main switch musanadule mozungulira soketi. M'mphepete monse mugwire bwino, chifukwa pepala lofunyuluka ndi nyumba ya nsikidzi. Zimabisala mmenemo masana, usiku n'kutsikira pabedi, ndipo mankhwala opopera safikako. Ngati m'nyumbamo muli kale nsikidzi, thanani nazo kaye. Kwa inu a m'maboma monga Nkhotakota ndi Mangochi, kumene anthu a zaumoyo anapoperako mankhwala a udzudzu m'makoma, kumbukirani kuti mankhwala otere amagwira ntchito udzudzu ukatera pakhomapo. Akadzapopera, musamate pepala pamwamba pake, mungakwirire chitetezo cha ana anu ku malungo.

Palinso timatailosi tofewa tonga siponji, tokhala ndi guluu kale kumbuyo, tooneka ngati njerwa zoyera. Anthu atikonda chifukwa sitifuna mmisiri. Ine m'chipinda cha ana sindingatilole. Mwana wokwawa amatitsina n'kuika m'kamwa, ena m'mphuno, ndipo pa zaka zanga za ntchito ndatulutsa zokwanira m'mphuno za ana, nyemba, mikanda, timapepala, moti sindifuna kuwonjezerapo zina. Komanso tikagwira moto timasungunuka n'kumadontha, utsi wake wakuda woipa. Magetsi akazima timayatsa kandulo, ena amaimika pawindo kapena pamutu pa bedi. Kandulo, koloboyi ndi mbaula zisayandikire khoma lomatidwa chilichonse. Kukhitchini ndi kubafa ndiye musaganizeko n'komwe, kumeneko ndi kwa penti kapena matailosi enieni.

A lendi, pemphani kaye. Ndaonapo mabanja akukangana ndi alandilodi tsiku losamuka, katundu ali kale pagalimoto, chifukwa pepala lachoka ndi pulasitala ndipo eni nyumba akana kubweza ndalama ya chikole. Gwirizanani poyamba kuti podzachoka pepalalo lidzatsala kapena mudzalichotsa, ndipo mulemberane, ngakhale pa uthenga wa pafoni. Pochotsa, boolani pepala ndi foloko malo ambiri, nyowetsani ndi madzi ofunda a sopo, dikirani mphindi 15, lizichoka lokha.

Kunyumba kwa mwana wa mchimwene wanga kuja tinayamba ndi mwanayo. Ndinawauza kuti apite naye kuchipatala tsiku lomwelo, osati kukagulanso botolo lachitatu. Chifuwa chopitirira milungu iwiri chimafuna kuyezedwa, chifukwa chikhoza kukhala TB kapena mphumu, ndipo mwana akamapuma mothamanga, nthiti zikulowa mkati, kapena akukanika kuyamwa, simudikira kuti kuche. Madokotala anapeza kuti njira za mpweya zinali zotupa, anamupatsa mankhwala opumira, ndipo anagona kwanga milungu iwiri pamodzi ndi mayi ake.

Mkamwini anatsala ndi ntchito. Anavala magolovesi ndi chotseka pakamwa, anatsegula mazenera onse, anachotsa mapepala onse n'kuwamanga m'thumba. Khoma analitsuka ndi Jik wosungunula mmene tinkachitira kuwodi, kapu imodzi m'makapu 6 a madzi, osasakaniza ndi mankhwala ena aliwonse otsukira chifukwa mpweya wake umabanikitsa. Matiresi anayanikidwa padzuwa masiku atatu. Kunja kwa khomalo anapeza kuti dothi limene madzi a Freddy anakokolola linaunjikana mpaka kupitirira maziko, ndiye mvula ikagwa madzi ankadikha pomwepo. Eni nyumba poyamba anakana, amvekere nyumbayo sinavutepo chimangireni. Atawaonetsa pulasitiki ya madontho ija anavomera kugula matumba awiri a simenti, mkamwini n'kulipira mmisiri.

Bedi tsopano lili khoma lina, motalikirana ndi khomalo pang'ono kuti mphepo izidutsa. Mpukutu umodzi unatsala, ndipo mu September chaka chomwecho anaumata pabalaza, pakhoma la pakati, pamene anapachikapo chithunzi cha ukwati wawo. Ndikapitako ndimayamba ndagwira khomalo ndi kuseri kwa dzanja ndisanakhale pansi, iwo n'kumandiseka kuti azakhali abwera kudzayeza malungo a nyumba.