Sewero lathu lija linapita kuti? Umu ndi mmene nthabwala zimafera pa wailesi

Funso ili silikutha pa Facebook ndi m'magulupu a WhatsApp. Wina akangoponya kachidutswa ka Izeki ndi Jakobo, ma comment mbwee: ena kuseka, ena kutukwana a wailesi kuti anatilanda zinthu zabwino. Ine ndati tiyeni tione bwinobwino mmene pulogalamu yoseketsa imathera, chifukwa nthawi zambiri sikuti pamakhala bwana mmodzi amene anangodzuka molakwika n'kuitseka.

Tiyambire kumbuyo pang'ono. MBC inayamba mu 1964, ndipo kwa zaka pafupifupi 30 inali wailesi yokhayo m'dziko muno. TV yathuyathu inabwera mu 1999. Ndiye Sewero la Sabata Ino, limene ambiri ankangoti Kapalepale, kapena Pamajiga, zikamaulutsidwa dziko lonse limakhala likuseka chinthu chimodzi nthawi imodzi. Lero mawailesi ndi ambirimbiri, ndipo iliyonse ikulimbirana makutu omwewo ndi otsatsa malonda omwewo.

Apa ndiye pali gwero loyamba: ndalama. Mphindi 15 kapena 30 pa wailesi ndi katundu wogulitsa, ngati benchi mumsika. Sewero ndi lodulanso kuposa kungoika nyimbo. Pafunika wolemba, osewera angapo, wojambula mawu, studio ndi transport, sabata iliyonse. DJ mmodzi ndi foni yoti anthu aziimba n'kumapereka moni amadzaza ola lathunthu pa mtengo wochepa. Kampani yothandiza ikangoti chaka chino bajeti yavuta, choyamba kugwa ndi sewero.

Masewero ena amabadwira m'mabungwe. Zimachitika inachokera ku Story Workshop, Tikuferanji ku ADRA. Ubwino wake ndi woti zinthu zimakonzedwa mwaluso, koma ndalama za mabungwe zimayenda ndi mapulojekiti, ndipo pulojekiti imakhala ndi tsiku lothera. Sewero lotere likhoza kukondedwa mpaka kumudzi kwenikweni, koma thumba likatsekedwa kutchukako sikulipira aliyense.

Chachiwiri ndi anthu eni ake. Nthabwala zambiri za kuno zimatsamira pa mawu a munthu mmodzi kapena awiri. John Nyanga, Izeki uja, anamwalira mu 2016. Eric Mabedi, Jakobo, anatsatira mu 2021. Palibe ofesi imene inalemba kalata yothetsa Izeki ndi Jakobo, zinangothera pomwepo. Mukhoza kupeza mnyamata waluso n'kumupatsa dzina lomwelo, koma omvera azindikira pa mawu oyamba kuti ameneyu si iyeyo. Kagulu kamene sikakuphunzitsa achinyamata lero kakukonza maliro a pulogalamu yake.

Chachitatu ndi ndale. Amene munali mutayamba kumvera wailesi nthawi ya Bingu wa Mutharika mukukumbukira Makiyolobasi pa MBC, pulogalamu imene inkanyogodola atsogoleri otsutsa boma ngati Bakili Muluzi ndi John Tembo. Ena ankaseka mpaka misozi, ena ankaiona ngati chida cha chipani cholamula. M'zaka zomwezo aphungu otsutsa, amene anali ambiri ku Nyumba ya Malamulo, anafika popatsa MBC K1 yokha mu bajeti, ati chifukwa chokondera. Phunziro lake ndi loti nthabwala yotsamira pa amene ali pampando imakhala ndi moyo wofanana ndi mpandowo. Yoseka olamula nayo imakhala pa mpeni, chifukwa wotsatsa malonda safuna dzina lake limveke pafupi ndi mkangano.

Chachinayi chikutikhudza ifeyo. Tinene zoona, ndi angati mwa ife amene sabata ino akhala pansi kumvera sewero pa wailesi? Tikusekera pa TikTok, kenako tidzalira pa Facebook tikamva kuti pulogalamu yatha. Makampani nawo amaona komwe maso ndi makutu athu ali, ndalama zawo n'kulowera komweko. Vuto ndi loti wolipira mtengo wake si ife a ma bundle. Ndi agogo kumudzi, mlonda wa usiku, mayi wa pa msika, amene kawailesi ka mabatire kapena ka pa foni ya mabatani ndiye chisangalalo chawo chaulere. Anthu ambiri m'dziko muno amakhala kumudzi, ndipo sewero likachoka pa wailesi iwowo silikawapeza kwina.

Nanga titani? Ngati pali sewero limene mumalikonda ndipo likadalipo, musadikire lithe. Tumizani uthenga nthawi imene likuulutsidwa, lembani pa peji ya wailesiyo, tchulaninso kampani yothandizayo kuti idziwe kuti ndalama zake zikumveka. Likachotsedwa, funsani mwaulemu koma poyera: lathetsedwa kapena lasunthidwa nthawi? Vuto ndi sponsor kapena china? MBC ndi wailesi ya boma, imayendera misonkho yathu, ndiye kufunsa si mwano.

Tifunsenso za matepi akale. Ngati alipo, asungidwe pa kompyuta ndi kuikidwa pa intaneti mwadongosolo, kuti mabanja a osewerawo azipezapo kangachepe kudzera ku COSOMA, osati aliyense kumangowadula n'kudyerapo ma like. Ana obadwa lero nawonso akuyenera kudzamva chimene chinkaseketsa makolo awo.