Kodi mumadziwa? Chigwiriro cha mfuti nachonso chili ndi malamulo ake podutsa malire

Ku United States, malonda otumiza zida zankhondo kunja akhala akuyendetsedwa ndi lamulo la 1976 lotchedwa Arms Export Control Act pamodzi ndi ndondomeko zake za ITAR, zimene unduna woona zakunja umayang'anira. Pansi pa ndondomekozo, tizipangizo ta mfuti tosaposa madola 100 pamtengo wopikulira tinkatha kutuluka popanda chiphaso, koma mpope, ndiko kuti chitsulo chimene chipolopolo chimadutsamo, ndi thunthu la mfuti sizinkalowa m'chilolezocho.

Mu Marichi 2020, mfuti zambiri za anthu wamba zinasamutsidwira ku unduna wa zamalonda, umene unaika chigwiriro, mbali imene dzanja limafumbata, m'gulu la zipangizo zoloredwa kupita kumayiko ambiri popanda chiphaso, malinga ngati mulibe kachitsulo kowombera kapena china chilichonse chochititsa mfuti kulira. Komabe ogulitsa ambiri amakana kutumiza katunduyu kunja, ndipo nkovuta kuwadzudzula, poti phindu la chigwiriro chimodzi ndi lochepa poyerekeza ndi chilango cholakwitsa mapepala, pamenenso dziko lolandira limakhala ndi malamulo akeake.

Chinthu chimene apangira chigwirirocho, kaya ndi mnyanga kapena mtengo, nachonso chingachitsekere njira. Mgwirizano wa CITES, woteteza nyama ndi zomera zimene zili pangozi yakutha, unaletsa malonda a minyanga ya njovu pakati pa mayiko mu 1989, ndipo mu 2017 unayamba kuyang'anira mitengo yonse ya mtundu wa Dalbergia, kuphatikizapo phingo wa ku Malawi ndi Mozambique, ngakhale kuti mu 2019 tinthu ting'onoting'ono tosemasema tinapatsidwa mpata.