Maluwa Osaopa Dzuwa la Okutobala

Mayi, ngati mumakhala ku Nchalo, Ngabu kapena Bangula, mukudziwa kuti pofika Okutobala kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo ndowa iliyonse yochokera ku mjigo imafika ntchito yake ikuidikira kale: kumwa, kuphika, kusambitsa ana. Kudzala maluwa a rozi kumalo otere n'kudzizunza chabe. Komabe sikuti pakhomo panu pakhale pambalambanda. Zilipo zitsamba zimene zimachita maluwa nthawi yomwe udzu wonse wauma.

Yambani ndi bougainvillea, chitsamba chaminga chija chimayanga m'mipanda ya masukulu ndi zipatala. Kwawo ndi ku South America, koma kuno chinazolowera ngati chobadwira. Khalidwe lake n'lodabwitsa: mukachithirira kwambiri chimangochulutsa masamba, chikamva ludzu m'pamene chimafiira. Chimapiriranso madzi amchere pang'ono, amene ali m'mijigo yambiri ya m'chigwa cha Shire. Simufunika kugula mbande. Pemphani kwa mnzanu nthambi yokhwima, yonenepa ngati pensulo, yotalika masentimita 25. Izikeni m'chubu cha mchenga wosakaniza ndi dothi, pamthunzi, ndipo pakatha miyezi iwiri kapena itatu imakhala itagwira. Powokera samalani, mizu yake siichedwa kuthothoka.

Frangipani ndiye savuta n'komwe. Dulani nthambi, isiyeni pamthunzi kwa sabata kuti bala liume, kenaka muizike. Mukaizika yaiwisi imawola.

Ntchito yeniyeni ili m'chaka choyamba. Wokerani mvula ikakhazikika, cha mu Disembala, kuti dzinja likuthandizeni kuthirira. Kumbani dzenje lofika m'bondo, thirani manyowa owolerana bwino, ndipo musiye kabeseni kosunga madzi kuzungulira tsinde. Phimbirani ndi udzu wouma, koma usakhudze tsindelo chifukwa cha chiswe. Chilimwe chikafika, thirani ndowa imodzi yathunthu kamodzi pa sabata, madzulo. Kuwaza timadzi tsiku ndi tsiku kumachititsa mizu kukhala pamwamba, pamene nthaka imawotcha ngati chiwaya. Madzi otsukira mpunga ndi ndiwo zamasamba musataye, ndi okwanira. Mbuzi nazo musaziiwale, tchingirani ndi minga.

Pali zitsamba zina zokongola, zopiriranso chilala, zimene muyenera kuziganizira kawiri. Oleander, wa masamba aatali owonda ndi maluwa apinki kapena oyera, ali ndi poizoni kuyambira ku mizu mpaka ku duwa, ndipo poizoniyo amasokoneza kagundidwe ka mtima. Chimodzimodzi mnzake wa maluwa achikasu ooneka ngati kabelu, amene njere zake ana amakonda kuseweretsa. Ngati pakhomo pali ana aang'ono kapena ziweto, ine ndingati zisiyeni. Ngati zilipo kale, nthambi zake musasonkhere moto, musavundulire chakudya kapena kutsukira mano. Utomoni woyera wa frangipani nawo umayabwa pakhungu ndi m'maso, choncho sambani m'manja mukatha kudula.

Mwana akatafuna tsamba kapena njere ya oleander, musadikire kuti ayambe kusanza, ndipo musamumwetse mkaka n'kumati zatha. Thamangirani naye ku chipatala nthawi yomweyo, mutatenga kanthambi ka chitsambacho kuti adokotala akaone chimene wadya.